Wapaka Mafuta Pamsanapa Ndani?

Anthu amati chinsinsi cha mwamuna chimakhala mufoni. Simbi ankangoseka akamva zimenezi. Ntchito yake ya m'shopu yochapa ndi kusita zovala inali itamuphunzitsa kuti foni munthu amaitseka ndi manambala, koma shati ilibe loko. Kolala imaulula kumene mwini wake anagona, thumba limaulula chimene anamwa, ndipo mkazi wake akabwera kudzatenga zovalazo iwe umangomwetulira n'kumupatsa, pakamwa uli tsekee. Dzina loti Simbi anamupatsa ndi anzake a pantchito, pang'ono chifukwa choti panalibe womuposa pa kusita, koma kwenikweni chifukwa sankachedwa kutentha.

Mtima wotenthawo anauziziritsa ndi Mawaya, mnyamata wa zamagetsi amene anabwera tsiku lina kudzakonza soketi ya makina oumitsira zovala. Soketiyo inachira tsiku lomwelo, koma Mawaya anapitiriza kubwera kudzaizonda mpaka aliyense m'shopumo anadziwa kuti wodwala weniweni ndi ndani. Tsopano chibwenzi chinali chitakhwima, ndipo Lamulungu likubweralo Mawaya ankayenera kukaonekera kwa mayi ake a Simbi kwa nthawi yoyamba.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa Simbi. Mwamuna ali pa chibwenzi ndi mkazi wochapa zovala, koma osabweretsako ngakhale shati imodzi! Akamufunsa, ankangoti, "Ndimachapa ndekha, ndinazolowera." Dzuwa liwombe bwanji, iye ndi shati ya manja aatali, mabatani mpaka pakhosi. Ndipo Simbi akati amuyike dzanja pamsana poyenda, Mawaya ankasuntha mwaulemu n'kuligwira dzanjalo m'manja mwake. Simbi ankaganiza kuti ndi manyazi chabe, ndipo ankamukondera zomwezo.

*

Lachinayi m'mawa, Simbi ali pakati posita suti ya ukwati wa eni ake, anamva kuitana kuchokera kutsogolo.

"Asisi, tabwerani kuno mudzaone katundu wa alamu!"

Woitanayo anali Wailesi, mtsikana wolandira zovala pakauntala, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala yafika msika wonse. Ndi iye amene anayamba kumusekerera Mawaya tsiku la soketi lija, ndipo mpaka pano anali asanakhululuke kuti mnyamatayo anadutsa kauntala n'kukaima pa tebulo lositira.

"Katundu wa ndani?" anafunsa Simbi.

"Wa a Mawaya anu omwewo. Wabweretsa ndi chibambo china chandevu, akuti kwawo madzi anasiya kutuluka. Ine ndimangoti ndisanthule m'matumba monga mwa ntchito. Koma taonani nokha, asisi, ine ndisanene kanthu."

Wailesi anali atatembenuza kale shati imodzi yoyera n'kuiyala pakauntala, m'kati muli kunja. Pakati pa mapewa panali mizere inayi ya mafuta, yotsetsereka bwinobwino mpaka m'chiuno. Inali mizere ya zala, Simbi sanafunike kuuzidwa. Cha m'munsi munali timadontho ta magazi ouma, ndipo m'misoko munali mutadzaza tinthu toyera ngati paudala.

"Mwina amadzola yekha," anatero Simbi, mawu ali pansi.

"Yekha? Tayesani inuyo kufika pamenepa ndi dzanja lanu, zala zinayi zoyenda mowongoka chonchi. Tayesani tione." Wailesi anatulutsa shati yachiwiri, kenako yachitatu. Zonse zinali chimodzimodzi. "Mafuta, paudala, ndiye wina wakandanso mpaka magazi. Ee, anthu ofatsawa! Ndipo tanunkhizani, fungo ngati phula la mumsewu. Kaya ndi mafuta odzola, kaya ndi mankhwala omugwirira, mwini wake ndiye akudziwa."

Simbi anasonkhanitsa mashatiwo n'kulowa nawo kuseri. Atatseka chitseko, anapinda dzanja lake kumbuyo, anayesa chapamwamba, anayesa chapansi, mpaka phewa linachita kulira. Sanafikepo. Mashati a amuna a eni ake anali atawawerenga zaka zonsezi osaphonya, ndipo lero inali nthawi yake yoti awerenge a kwake. Anamva nsanje yowawa, yochititsa manyazi, ndipo suti ya ukwati ija anangotsala pang'ono kuipsereza.

*

Masana foni inalira. Unali uthenga wa Mawaya.

"Wokondedwa, mayi amakonda chiyani? Ndisafike chimanjamanja Lamulungu."

Simbi anayankha ndi liwu limodzi lokha. "Musavutike."

"Musavutike? Ndakhala 'inu' kuyambira liti?"

"Zovala zanu zafika kuno."

Foni inaonetsa kuti Mawaya akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiyanso. Simbi ankangoona.

"Wabweretsa ndani?"

"Funso lanu ndi limenelo basi?"

"Usazitsegule chonde. Ndidzakufotokozera ndekha."

Pamenepo ndiye anathira mafuta pamoto. Mawaya anaimba, Simbi sanayankhe. Anaimbanso madzulo, anaimbanso Lachisanu lonse, foni inkangonjenjemera m'thumba la epuloni. Wailesi, amene tsiku limenelo anabwera atapaka milomo kuposa masiku onse, anadzipereka ndi mtima wonse.

"Ngati zikukuvutani, asisi, ndikhoza kukawatulira ine zovalazo. Musadzipweteke mtima ndi kuonana nawo."

"Zikomo, mnzanga," anayankha Simbi. "Miyendo ndili nayo."

Anali ataganiza kale. Mkazi wopaka mafuta pamsana pa mwamuna asanavale shati ndi mkazi wopezeka m'nyumbamo m'mawa. Ndiye Simbi adzapita m'mawa, akamuone ndi maso ake, kenako aimbire mayi ake kuwauza kuti Lamulungu asadikire mlendo.

*

Loweruka analawirira, shati imodzi yosachapa ili m'chikwama ngati umboni. Nyumba imene Mawaya ankachita lendi anali asanalowemo, ankangoidziwa polozeredwa. Pabwalo panali mulu wa mapaipi, ndowa zopanda madzi zitandandalikidwa pa mpopi wouma, ndi njinga yopanda tayala lakutsogolo. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Simbi sanaodire, anangokankha n'kulowa.

"Ali kuti?"

Mawaya anali atakhala chokwera pampando, chifuwa chitatsamira kotsamira msana, alibe malaya. Kumbuyo kwake kunaima chimwamuna chachikulu chandevu, chitavala kabudula ndi gulovu imodzi, botolo la mafuta lili kudzanja linalo.

Simbi anasuzumira kuseri kwa katani, anayang'ana kukhitchini, anabwerera. "Ndikufunsa kuti ali kuti!"

"Ndani, mlamu?" chinafunsa chindevucho mwaulemu.

Simbi anasolola shati ija n'kuitambasula. "Mwini zala izi."

Bamboyo anayang'ana shatiyo, anayang'ana dzanja lake, kenako analikweza m'mwamba pang'onopang'ono ngati mwana wasukulu wovomera mlandu. Zala zinayi zonenepa ngati nthochi zinali noninoni ndi mafuta.

"Ndine, mlamu. Amanditchula Mapaipi, ndimakhala chipinda icho. Pepani ngati ndimapaka mokhota."

Apa m'pamene Simbi anauona msana wa Mawaya. Kuyambira pamapewa mpaka m'chiuno munali zigamba zokhuthala, zakuda mofiirira, pamwamba pake pali timamba totuwa. Zina zinali pa zigongono, china chinabisala m'mphepete mwa tsitsi kuseri kwa khutu. Pamene panang'ambika ndi kukanda panali timagazi touma. Paudala uja anali khungu la munthu.

Simbi anakhala pa bokosi la zipangizo n'kuyamba kuseka, kuseka kosaletseka, mpaka misozi inatsika. Mtolo umene anausenza kuyambira Lachinayi unali utagwa wonse nthawi imodzi, ndipo thupi lake silinadziwe chochita china.

Mawaya anali atadzikuta kale thaulo. Nkhope yake inagwa, ndipo analankhula akuyang'ana pansi. "Seka, palibe kanthu. Ena anathawa, iwe bola ukuseka."

Kuseka kunaduka pomwepo. "Ayi, iwe, ayi! Ndikudziseka ndekha. Ine ndabwera kudzamenyana ndi mkazi. Sindinadye bwino chifukwa cha mkazi ameneyu, ndinamupatsa kale nkhope, ndinamupatsa ndi mawigi omwe. Ndiye ndikupeza mkazi wake ndi uyu wandevuyu?"

"Ndevu zokha musazinyoze, mlamu," anatero Mapaipi. "Ndipo mlandu wa zovala ndi wanga. Ndinaona mulu wakula, madzi kulibe, ndiye ndinati mnzangayu ali ndi chibwenzi kochapira, tivutikiranji? Wandikalipira mpaka lero."

*

Mapaipi anatuluka kukafuna madzi a tiyi kwa aneba, ndipo awiriwo anatsala okha. Simbi anakokera bokosi lija pafupi.

"Ndi chiyani chimenechi? Undiuze zonse, usandibisirenso."

"Madokotala amati soriyasisi," anatero Mawaya. "Si khate, si mphere, si zipere. Zonsezo ananditchulira kale anthu. Zinayamba ndikumaliza sukulu, nditangodwala zilonda za pakhosi. Azakhali anati wina wandilodza, anandizunguza kwa asing'anga mpaka ndinatopa. Wometa wina anandibweza pampando anthu akuona. Dzina la matendawa ndinalimva mochedwa, kwa dokotala wa khungu."

"Ndiye chimayambitsa n'chiyani?"

"Thupi langa lomweli. Chitetezo cha m'thupi chimachita changu pamene palibe mdani, ngati swichi yoteteza nyumba imene imangodzithimira yokha mawaya onse ali bwinobwino. Ndiye khungu limafulumira. Lako limatenga pafupifupi mwezi kuti latsopano likwere, lakale n'kuchoka osaliona. Langa limachita zimenezo m'masiku ochepa, n'kumaunjikana. Zigamba ukuonazi ndi zimenezo."

Funso linalo linali lochititsa manyazi, koma Simbi analifunsa. "Nanga munthu angatengere?"

"Ayi. Ngakhale ukhudze, ngakhale tifunde chofunda chimodzi, ngakhale timwere kapu imodzi. Mapaipi wakhala akundipaka kuyambira pamene tinayamba kukhala limodzi, ndipo wamuona wekha, vuto lake ndi kususuka basi. Gulovu ija amavalira mankhwala, kuti asamalowe m'khungu lake popeza iye sakudwala. Zimayenda m'magazi m'mabanja ena, koma osati popatsirana."

"Zimatha?"

"Kutheratu ayi, ndisakunamize. Zimagona, zimadzuka. Pali miyezi imene msanawu umakhala see, kungotsala mabanga. Ndimadzola mafuta wamba ndikangosamba, tsiku lililonse, kuti khungu lisaume. Zikadzuka pali kirimu wamphamvu amene ndimapaka milungu yochepa monga anenera adokotala, chifukwa ukamupitiriza amapyapyalitsa khungu. Ndiye pali mankhwala akuda onunkha phulawa. Ena amakawaunika ndi nyale yapadera kuchipatala, ena amamwa mapiritsi kapena kubayidwa jakisoni zikakula. Mowa ndinasiya, fodya sindiyandikira, zonsezo zimaputa. Koma mdani wamkulu ndi nkhawa."

"Ndiye panopa ukuda nkhawa ndi chiyani kuti zidzuke chonchi?"

Mawaya anamuyang'ana koyamba m'maso, n'kumwetulira mwamanyazi. "Lamulungu."

Simbi anamva chisoni ndi chikondi nthawi imodzi. Munthu kuchita kutuluka zigamba chifukwa choopa mayi ake a iye! "Chitsiru iwe. Bwanji osandiuza?"

"Mtsikana amene ndinali naye kale ndinamuuza. Anamvetsera bwinobwino, anati palibe vuto. Tsiku lotsatira ndinamupeza akuwiritsa thaulo limene ndinapukutira m'manja kwawo. Sipanapite nthawi anati abale ake akana. Ndiye ndinkati ndikuuza mawa, mawa n'kukhala mawa linanso. Ndimaopa kukutaya."

Simbi anaimirira n'kugwira nsonga ya thaulo lija. Mawaya analikanikiza pang'ono, kenako analisiya. Simbi anayika chikhatho chake chonse pakati pa mapewa, pamalo pomwe paja ankaletsedwa. Khungulo linali lokhakhala ndi lofunda, ndipo msana wonse unanjenjemera pansi pa dzanja lake.

"Zikuwawa?"

"Ayi. Kungoti palibe anandigwirapo pamenepo popanda gulovu."

Mapaipi atabwera ndi ketulo anapeza Simbi atavala gulovu yatsopano, akufunsa kuti mankhwala akuda amapaka pati ndipo mafuta wamba amapaka pati. Anaika ketuloyo pansi n'kuwomba m'manja.

"Ambuye alemekezeke, ndapuma pantchito! Mlamu, pamwamba apo muzipaka mopepuka, amalira ngati mwana."

Pomwa tiyi Mawaya anafunsa chimene chinkamudya. "Nanga mayi tiwauze?"

"Zimenezo undisiyire," anatero Simbi mosakayika. "Mayi anga ndi munthu womva. Chimene anthu amaopa ndi kutengera basi. Ndikangowafotokozera kuti sizipatsirana, nkhani yatha."

*

Simbi anafika kuntchito mochedwa, akuimba. Mashati a Mawaya anawachapa yekha ndi manja, kuwasita mpaka makolala anaima ngati atsopano. Wailesi anapirira kwa kanthawi, kenako analephera.

"Ndiye mwamupeza mkazi uja, asisi?"

"Ndamupeza. Ali ndi ndevu mpaka apa."

Atamva nkhani yonse, Wailesi anakwinya nkhope. Panali shati imodzi imene inali isanachapidwe, ndipo anainyamula ndi nsonga ya hang'ala, dzanja atalitambasula kutali. "Ndiye izi zisamasakanikirane ndi za makasitomala. Ine dzana ndinazigwira ndi manja, ndikangotuluka kanthu mudzandilipira."

Simbi anailanda shatiyo n'kupukutira thukuta kumaso ndi m'khosi, pang'onopang'ono, akumuyang'ana. "Sizipatsirana, mnzanga. Ukatuluka kanthu, kafunse kumene umayenda."

Anzawo akumakina anaphulika kuseka. Wailesi anabwerera pakauntala akung'ung'udza kuti amuna abwinobwino atha kodi, koma kwa nthawi yoyamba m'shopumo anasowa womumvetsera.

*

Mayi ake a Simbi ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, yosesedwa mpaka kuseri kwa kabati. Amuna awo anamwalira pangozi ya galimoto Simbi akadali wamng'ono, ndipo chimene mwanayo ankadziwa cha bambo ake chinali chithunzi cha pakhoma, bambo wamtali atavala jekete. Mayiwo anamulera okha ndi makina osokera, ndipo sanali munthu wa mawu ambiri.

Lamulungu Mawaya anafika pa nthawi yake, shati yoyera ili phuliphuli, atanyamula shuga, tiyi ndi nsalu. Anapereka moni mwaulemu wonse, anakhala pamene anamulozera, anayankha za kwawo ndi za ntchito popanda kudzitama. Babu la pabalaza limene linkaphethira kwa miyezi analikonza asanamalize n'komwe kufunsidwa. Mayiwo anaseka, ndipo Simbi anadziwa kuti zinthu zikuyenda, chifukwa kuseka kwa mayi ake kunali kosowa.

Tiyi atabwera, Mawaya anagwira kapu ndi manja awiri. Maso a mayiwo anatera pa zala zake n'kukhazikika pamenepo. Zikhadabo zake zinali ndi timaenje ting'onoting'ono ngati zabayidwabayidwa ndi singano, ndipo chimodzi chinali chitayamba kutukuka kunsonga.

"Zinakuyambani liti, bambo?" anafunsa modekha.

Simbi analumphira nkhaniyo msangamsanga, mawu onse amene anakonza akuthamangitsana pakamwa. "Amayi, si zimene mukuganizazo. Si khate, ndipo sizipatsirana, ngakhale mutagwira, ngakhale..."

"Ndikudziwa, mwanawe. Khala pansi."

Mayiwo anasendera, anatenga dzanja la Mawaya n'kuliyika pakati pa manja awo awiri. Analitembenuza, anakweza pang'ono mkono wa shati, anaona chigamba cha pamkono, osanyansidwa ngakhale pang'ono.

"Kumsana ziliko?"

"Ziliko, mayi."

"Musamasambe madzi otentha kwambiri, amaumitsa. Ndipo zikamayabwa muziyikapo nsalu yonyowa m'malo mokanda. Kuchipatala mumapita?"

"Ndimapita, mayi. Mankhwala ndili nawo."

"Mwachita bwino. Nanga mfundo za zala, mawondo, sizimauma m'mawa?"

"Chala ichi chokha nthawi zina. Adokotala ndinawauza, akuti tizichiyang'anira, chikapitirira pali mankhwala ake."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kumusisita dzanjalo asanalisiye. "Imwani tiyi, mwanangu, angazizire. Pano ndi panu."

Mawaya anatulutsa mpweya umene ankaoneka kuti anausunga kuyambira ali mnyamata. Maso ake anadzaza misozi, ndipo anaibisa m'kapu. Simbi ankafuna kuvina. Anadya mpunga ndi nkhuku akuseka nkhani ya Mapaipi ndi zala zake, ndipo mayiwo anamuwonjezera mlendo chakudya kawiri konse.

*

"Tandithandiza mbale," anatero mayiwo atatha kudya.

Kukhitchini Simbi anawakumbatira kumbuyo. "Amayi, zikomo! Ine ndimaopa. Koma inu mwazidziwira kuti zonsezi?"

Mayiwo anatseka chitseko. Anatsegula mpopi kuti madzi azisokosa, n'kuyamba kutsuka mbale osamuyang'ana.

"Bambo ako unawaonapo pachithunzi chilichonse atavala malaya a manja aafupi?"

Simbi anawasiya pang'onopang'ono.

"Anali nazo, thupi lonse. Dzina lake sitinkalidziwa, koma zikhadabo zija ndingazizindikire ndili m'tulo. Ndinagona nawo chofunda chimodzi zaka zonse, sindinatengere, ndiye za kupatsirana usandiphunzitse. Khungulo silinandivute, ndinkawapaka ndekha mafuta. Koma kenako zinalowa m'mafupa. Zala zinatupa, zinapindika. Anali kalipentala, mwanawe, ndipo anafika polephera kugwira hamala. Ndinkawamanga mabatani ngati mwana, iwo akulira ndi ukali, n'kumakalipira ine amene ndikuwamangayo. Anthu anasiya kudya kwathu. Abale anga enieni ankabwera ndi makapu awo."

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Ndinkafuna uziwakumbukira ali mu jekete."

Simbi anagwira m'mphepete mwa sinki. "Koma amayi, imeneyo inali kale. Masiku ano mankhwala alipo, mwamva nokha. Si onse zimawalowa m'mafupa, ndipo iye adokotala akumuona."

"Mwina. Ndikupempherera kuti zikhale choncho. Koma chala chija chayamba kale kuuma, ndipo bambo ako zinayambanso ndi chala chimodzi." Anatseka mpopi n'kutembenuka. Maso awo anali ofiira. "Ndiye uganizirenso izi. Magazi a bambo ako ali mwa iwe. Ake ndi ako akadzakumana mwa mwana, udzamuyang'ana bwanji mwanayo?"

"Amayi, inu nomwe mwamutchula kuti mwanangu. Mwati pano ndi pake."

"Ndipo sindinaname. Ndi mwana wabwino, ndamukonda, ndipo palibe adzamunyoze ine ndilipo. Koma njira imeneyi ndinaiyenda ine, ndipo sindinakulere ndekha kuti ndidzakuperekeze pa njira yomweyo. Ukwati umenewu sindiuvomera. Pamaso pake sindinena, wanyozeka mokwanira mwana uja. Ukamuuza ndiwe."

Mawu onse amene Simbi anabwera nawo anali okonzera munthu wosadziwa, ndipo mayi ake ankadziwa kuposa iye. M'thumba foni inanjenjemera. Unali uthenga wochokera pabalaza, kuseri kwa chitseko chomwecho.

"Wokondedwa, mayi andilandira! Andigwira dzanja, waona? Moyo wanga wonse sindinapepukidwepo chonchi. Fulumira, ndikufuna ndiwafunse tsiku loti abale anga abwere."

Mayiwo anaika makapu atatu oyera pa thileyi, anathira tiyi wina, n'kumupatsa mwana wawo m'manja.

"Pukuta m'maso," anatero. "Mlendo akudikira."